Laputopu Yakale ndi Munthu Woyamba Kumene: Chifukwa Chake Ndikulimbikitsa Linux Mint

Nkhani yathu iyambire pa 14 Okutobala 2025. Tsiku limenelo kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 kwa anthu wamba, kupatula okhawo amene analembetsa dongosolo lowonjezera chaka chimodzi. Windows 11, imene inalowa m'malo mwake, ili ndi zofuna zake: kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa yatsopano ndithu, yomwe kwa Intel ndi ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndipo m'badwo umenewu unayamba kutuluka mu 2017. Tsono taganizirani malaputopu amene ali m'zikwama za ophunzira a m'makoleji athu, pa madesiki a aphunzitsi ndi m'timaofesi ta mabizinesi ang'onoang'ono. Ambiri anafika kuno atagwirapo kale ntchito kunja, ma Dell Latitude, ma HP EliteBook ndi ma Lenovo ThinkPad amene maofesi akuluakulu anawapumitsa patapita zaka zingapo. Ndi makina olimba. Kiyibodi ikadali bwino, sikirini ikuwala, batire ikatha mukhoza kugula ina. Koma ambiri mwa iwo Windows 11 ikuwakana, ndipo Windows 10 yatsala yopanda mbusa.

Wina afunsa kuti, nanga poti kompyuta ikuyaka ndipo ikulemba, vuto lili pati? Vutolo limabwera mwakachetechete. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene ambiri timangoti sisitimu, ili ndi mizere mamiliyoni ambiri ya malamulo, ndipo mwezi ndi mwezi akatswiri amapezamo ming'alu imene akuba angalowerepo. Eni sisitimu akamaisamalira amatumiza zigamba zomata ming'aluyo. Akasiya, ming'alu imapezekabe koma womata palibe. Mu Meyi 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko pafupifupi 150, ndipo ku Britain inasokoneza zipatala zambiri za boma, moti madokotala analephera kutsegula mafayilo a odwala ndipo maopaleshoni ena anaimitsidwa. Mng'alu umene inalowera unali utamatidwa kale ndi Microsoft mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi makompyuta omwe sanalandire chigambacho. Laputopu imene mumalowera ku akaunti ya kubanki, imene ikusunga kafukufuku wanu wa digiri kapena mabuku a ndalama a golosale, siyenera kukhala m'gulu limeneli. Kugula yatsopano n'kwabwino kwa amene thumba likumulola. Kuikitsa Windows yothyoledwa pa benchi ya mumsika n'kuitana mlendo wosamudziwa m'chipinda chogona, chifukwa simudziwa china chimene wothyolayo anaikamo. Njira imene ndikufuna tiilingalire ndi yachitatu: kuika sisitimu ya open source, ndipo kwa munthu woyamba kumene ndikunena kuti asankhe Linux Mint.

Mawu akuti open source akutanthauza kuti malamulo onse amene pulogalamu inalembedwa nawo ali poyera, ndipo aliyense ndi wololedwa kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira ena. Maganizo amenewa anawalimbikitsa Richard Stallman pamene analengeza ntchito ya GNU mu 1983. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba mtima wa sisitimu, gawo limene limalankhula ndi purosesa, RAM ndi disiki, ndipo linatchedwa Linux. Ziwirizi zitaphatikizana panabadwa sisitimu yathunthu. Mu 1993 Ian Murdock anayambitsa Debian, ndipo mu Okutobala 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa Ubuntu yomangidwa pa Debian. Dzina la Ubuntu si lachilendo kwa ife, pakuti ubuntu wa anzathu a kummwera ndi umunthu womwewu timaudziwa. Kenako mu 2006 Clément Lefèbvre, mbadwa ya ku France, anayamba Linux Mint, yomangidwa pa Ubuntu. Amene amati zinthu zaulere n'zachabechabe aziwona foni imene ili m'thumba mwawo: Android imayendera mtima wa Linux. Ndipo kuyambira Novembala 2017 makompyuta 500 amphamvu kwambiri pa dziko lapansi onse amayendera Linux. Za mphamvu, mlandu unatha kale.

Chimene chimasokoneza woyamba kumene ndi kuchuluka kwa mitundu. Popeza aliyense ndi wololedwa kusintha ndi kugawa, mitundu ya Linux ilipo mazana, ndipo aliyense amene mungamufunse amatamanda wake. Apa m'pofunika muyeso, ndipo muyeso woyamba ndi womwe uja watithamangitsa ku Windows 10: kodi sisitimuyi idzalandira zigamba mpaka liti? Fedora, imene imathandizidwa ndi kampani ya Red Hat, ndi yabwino kwambiri, koma imatuluka yatsopano pafupifupi miyezi 6 iliyonse ndipo iliyonse imasamalidwa pafupifupi miyezi 13 yokha. Ndiye kuti chaka ndi chaka muyenera kukweza sisitimu yonse, kutsitsa magigabaiti angapo ndi kupirira zimene zasintha. Arch Linux imasintha mosalekeza, ndipo kuiika kumafuna munthu wozolowera kulemba malamulo pa sikirini yakuda. Ubuntu ili ndi mtundu wa nthawi yaitali wotchedwa LTS, umene umatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndi kusamalidwa zaka 5. Linux Mint imamangidwa pa LTS imeneyi. Mint 22, imene inatuluka mu Julayi 2024 pa maziko a Ubuntu 24.04, idzalandira zigamba mpaka 2029. Wophunzira amene waiika ali chaka choyamba akhoza kuphunzira zaka zingapo asanaganizeponso za sisitimu, ndipo umo ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa munthu anagula laputopu kuti alembe, awerenge ndi kuwerengera ndalama.

Ndiime pang'ono pa Kali Linux, chifukwa achinyamata ambiri amaimva m'mavidiyo a anthu othyola makompyuta ndipo mtima umawakokera kumeneko. Kali inapangidwira akatswiri oyesa chitetezo cha makompyuta, ndipo eni ake amanena okha poyera kuti siyoyenera munthu wosazolowera Linux kapena wofuna kompyuta ya ntchito za tsiku ndi tsiku. Mnyamata amene wayamba ndi Kali amavutika sabata ziwiri, nabwerera ku Windows akuuza anzake kuti Linux n'njovuta, pamene anangolowa pa khomo lolakwika.

Mpikisano weniweni uli pakati pa Ubuntu, Zorin OS ndi Linux Mint, zonse za banja limodzi, ndipo amene wasankha iliyonse mwa izi sanasochere. Chimene chimandipendeketsera ku Mint ndi manja a munthu. Amene wagwiritsa ntchito Windows zaka khumi manja ake anaphunzira kale kuti menyu ili pansi kumanzere, mapulogalamu otsegula amandandalikana pansi, wotchi, Wi-Fi ndi batire zili pansi kumanja. Ubuntu imabwera ndi maonekedwe a GNOME, amene amaika mzere wa mapulogalamu m'mbali kumanzere ndi wotchi pamwamba; ndi okongola, koma amafuna kuti manja aphunzire kachiwiri. Maonekedwe a Mint otchedwa Cinnamon amasiya chilichonse pamene manja akuchiyembekezera. Ctrl ndi C amakopera, Ctrl ndi V amamata, kudina kumanja kumatsegula zosankha. Ena amapeputsa mfundo imeneyi ngati ya ulesi, koma mayi wa pa ofesi ya sukulu amene ali ndi malipoti a ana 300 oti atuluke Lachisanu alibe tsiku loti ataye kufunafuna kumene kwapita batani. Zorin OS, ya abale awiri a ku Ireland, nayonso imafanana ndi Windows ndipo ndiyoyamikika. Kungoti Mint ili ndi gulu lalikulu la anthu amene anafunsa kale mafunso amene inu mudzafunse, ndipo malangizo ambiri olembedwera Ubuntu amagwiranso pa Mint.

Pali mfundo ina imene olemba a kumaiko olemera saiganizira kwenikweni koma kwa ife ndi yaikulu, ndiyo bandulo ya intaneti. Aliyense amene analumikizapo laputopu ku foni akudziwa mmene bandulo imasungunukira kompyuta ikayamba kudzitsitsira zinthu kumbuyo. Pa Mint, pulogalamu ya Update Manager imaonetsa kachishango pafupi ndi wotchi, imandandalika zimene zabwera ndi kukula kwake, kenako imadikira kuti inu mulole, pokhapokha ngati mwaiuza nokha kuti izichita yokha. Mukhoza kudikira mpaka mutafika pa Wi-Fi ya kusukulu kapena kuntchito. Ufulu umenewu uli ndi udindo wake: kachishango kaja musakanyalanyaze miyezi, chifukwa mukatero mwabwerera pa vuto lomwe tathawa lija. Palinso Timeshift, imene imajambula sisitimu yonse mmene ilili ndi kusunga chithunzicho. Magetsi akathima pakati pa kukweza zinthu, batire nayo ili yotopa, kompyuta n'kuyamba kuvuta, mukhoza kuibwezera mmene inalili dzulo. M'dziko limene magetsi amathimathima, chida chimenechi n'chofunika kuchitsegula tsiku loyamba lomwe. Zofuna za Mint nazo n'zochepa: eni ake amati RAM ya 2GB ikwanira ngakhale 4GB ndiyo yabwino, ndi malo a 20GB pa disiki. Laputopu yofooka kwambiri ipatsidwe Mint ya maonekedwe a Xfce, amene ndi opepuka. Dziwani kuti kuyambira Mint 20 ya mu 2020 pamafunika purosesa ya 64-bit, koma malaputopu ambiri a zaka khumi ndi zisanu zapitazi ali nayo.

Tsopano tiyankhe otsutsa, ndipo ena mwa iwo ali ndi mfundo zolemera. Woyamba akuti: nanga Word ndi Excel? N'zoona, Microsoft Office yoika pa kompyuta palibe ya Linux. Mint imabwera ndi LibreOffice, imene bungwe la The Document Foundation lakhala likuikonza kuyambira 2010. Writer imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx, Calc a xlsx, Impress a pptx. Kalata, lipoti, asayimenti ndi bajeti ya banki mkhonde zimayenda bwinobwino. Pamene zinthu zimasokonekera ndi pa zikalata zokhala ndi matebulo opiringizika, ndi ma Excel odzaza ndi ma macro. Kusokonekera kwina kumabwera chabe chifukwa cha zilembo: chikalata cholembedwa ndi Calibri chikatsegulidwa pa kompyuta yopanda Calibri, mizere imasuntha ndipo masamba amachuluka. Mankhwala ake ndi kuika zilembo za Carlito, zimene zili ndi muyeso wofanana ndi Calibri, ndi Caladea m'malo mwa Cambria. Ndipo chikalata chopita kokasindikiza kapena kwa mphunzitsi chizisandutsidwa PDF, imene imaoneka chimodzimodzi paliponse. Koma ndinene mosabisa: amene chakudya chake chimachokera mu Adobe Photoshop, AutoCAD kapena pulogalamu ya akaunti yoyendera Windows yokha imene abwana ake amafuna, asafufute Windows chifukwa cha nkhani ino. GIMP ndi Inkscape ndi zida zabwino, koma kasitomala akafuna fayilo ya mtundu wake pa tsiku lake, safunsa za ufulu wa mapulogalamu. Munthu wotero aike sisitimu ziwiri pa laputopu imodzi, kapena asunge ndalama za makina atsopano.

Wachiwiri akuti: ngati Linux ili yabwino chomwechi, bwanji mzinda wa Munich unaisiya? Nkhaniyi ndi yoona. Mzinda wa Munich ku Germany unasamutsira makompyuta pafupifupi 15,000 ku Linux yawo yotchedwa LiMux, kenako mu 2017 khonsolo inavota kuti abwerere ku Windows. Zina mwa zifukwa zimene zinatchulidwa ndi zomwe tangonenazi, za mapulogalamu apadera ndi kusinthana mafayilo ndi maofesi ena, ndipo panalinso ndale. Koma umboni uwerengedwe wonse. Mu 2024 boma la chigawo cha Schleswig-Holstein, m'dziko lomwelo, linaganiza zosamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux. Apolisi a Gendarmerie ku France akhala akugwiritsa ntchito Ubuntu yawo pa makompyuta zikwizikwi kwa zaka zambiri. Ku Kerala, ku India, sukulu za boma zakhala zikuphunzitsa ana pa Linux kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Komanso mavuto a mzinda wa maofesi mazana, aliyense ndi mapulogalamu ake akale, si mavuto a wophunzira mmodzi amene akufuna Firefox, Zoom, WhatsApp ya pa intaneti ndi polembera. Zonsezi pa Mint zilipo.

Wachitatu akufunsa za chitetezo cha Mint yeniyeniyo, ndipo ali ndi chifukwa. Pa 20 Febuluwale 2016 akuba analowa pa tsamba la Linux Mint nasintha potsitsira, moti amene anatsitsa Mint 17.3 ya Cinnamon tsiku limenelo analandira fayilo yoikidwamo khomo lachinsinsi. Lefèbvre analengeza zimenezi poyera mwamsanga ndipo tsambalo linatsekedwa kuti likonzedwe. Phunziro lake ndi loti fayilo ya sisitimu muziitenga pa tsamba la eni ake, ndipo muziiyeza ndi nambala yotchedwa SHA256 imene iwo amasindikiza. Nambala ikasiyana ngakhale ndi chilembo chimodzi, fayiloyo itayidwe. Sindinena kuti Linux singagwidwe ndi zoipa. Uthenga wabodza wopempha nambala yachinsinsi ya kubanki umapusitsa munthu pa sisitimu iliyonse. Koma tizilombo ta pa fulashi timene timabwera kuchokera kosindikizira mapepala, tija timabisa mafoda n'kusiya ma shortcut, tinalembedwera Windows, ndipo pa Mint timangooneka ngati mafayilo wamba amene mungafufute. Kungoti fulashi yotere muiyeretse musanabwereke mnzanu wa Windows.

Wachinayi ndiye amene ndimamuopa kwambiri, chifukwa akunena za moyo wathu weniweni. Akuti: ikavuta ndipita kwa ndani, poti okonza makompyuta a m'tauni mwathu amadziwa Windows yokha, ndipo yankho lawo pa vuto lililonse n'kufufuta zonse? Mfundo imeneyi ndiyo yomwe ikundichititsa kulimbikira kuti tisabalalike pa mitundu makumi awiri. Kalasi imodzi, ofesi imodzi kapena mpingo umodzi ukagwirizana pa Mint, vuto limene mmodzi walithetsa lathetsedwa kwa onse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi a makompyuta m'sukulu zathu ali ndi mbali yaikulu pano, ndipo okonza makompyuta achinyamata aone kuti pali msika: malaputopu onse okanidwa ndi Windows 11 akufuna munthu wodziwa kuwapatsa moyo wina.

Ubwino waukulu ndi woti simuyenera kukhulupirira mawu anga. Mint mukhoza kuiyesa pa laputopu yanu osakhudza chilichonse chimene chili pa disiki. Pamafunika fulashi ya 8GB yopanda kanthu kofunika, ndi fayilo ya Mint ya pafupifupi 3GB, imene munthu mmodzi akhoza kutsitsa n'kugawira anzake onse mwalamulo. Pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher imalemba fayiloyo pa fulashi. Mukatero zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, yatsani, ndipo chizindikiro cha kampani chikangooneka dinani F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, kapena F9 pa HP. Pabwera kamndandanda, sankhani fulashi. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri muona Mint yathunthu ikuyendera pa fulashipo, yochedwerapo pang'ono kuposa mmene idzakhalire ikaikidwa. Apa musathamangire kudina poikira. Onani ngati Wi-Fi ya pamalopo ikuoneka ndipo ikulumikiza. Tsegulani vidiyo mumve mawu, lowetsani mahedifoni mumvenso. Yesani kamera, mabatani owalitsa ndi kuchepetsa kuwala, ndi kuyendetsa zala ziwiri pa touchpad. Tsekani chivundikiro, dikirani pang'ono, tsegulani muone ngati ikudzuka. Lumikizani printa yanu. Tsegulani chikalata chanu chovuta kwambiri mu Writer muone ngati matebulo ali m'malo mwake. Ola limodzi lotere likuuzani zambiri za laputopu yanu kuposa mkangano uliwonse wa akatswiri.

Wi-Fi ikakana, kawirikawiri chifukwa chake ndi kachipangizo ka Broadcom kamene kamafuna dalaivala wake. Lumikizani foni ndi chingwe cha USB, yatsani kugawa intaneti pa foniyo, ndipo sisitimu ikaikidwa tsegulani Driver Manager, imene imapeza dalaivala woyenera; imachitanso chimodzimodzi ndi makadi a zithunzi a NVIDIA. Musanaike, koperani zithunzi, zikalata ndi ntchito zanu zonse pa disiki ina, ndipo mutsegule mafayilo angapo kumeneko kuti mutsimikize kuti akopedwadi, chifukwa posankha kufufuta disiki palibe kubwerera. Ngati Windows yanu inatsekedwa ndi BitLocker ndipo mukufuna kusunga sisitimu ziwiri, lembani kiyi yake pa pepala kaye. Laputopu ikhale pa chaja batire itadzaza. Poika mudzafunsidwa za ma codec a nyimbo ndi mavidiyo; chongani pamenepo. Ndipo kwa inu olemba Chichewa, loŵani m'makonzedwe a kiyibodi musankhe batani limodzi, monga Alt ya kumanja, likhale la Compose. Mukalidina, kenako ^ ndi w, pa sikirini pabwera ŵ, chilembo chimene ambiri akhala akuchikopera kuchokera m'zikalata za ena nthawi zonse akafuna kulemba Malaŵi.